Ng'ombe Imene Ndinaikana

1

Dzina langa ndine Dorika. Ndimachapira anthu zovala kuno ku Gwelo, ndipo zala zangazi zinauma ndi sopo moti pensulo imandivuta kugwira. Choncho musayembekeze mawu okoma. Ndinena mmene zinachitikira, basi, ndibwerere ku zochapa zanga.

Munali m'chaka cha 1936. Tinkakhala m'komboni ya mgodi wina kupitirira Mandava, dera la Shabani. Dzina la mgodiwo sinditchula, amene anameza fumbi lake akuudziwa. Amuna anga, a Nikodemo, ankaswa mwala waubweya uja wotchedwa asibesitosi pansi pa nthaka, n'kumabwera madzulo atayera mbuu ngati agona m'chigayo. Tinachoka kwathu ku Dedza ndili ndi mwana mmodzi kumbuyo, Leticia. Pofika chaka chimenecho anali atakula, namwali wamtali, wa pakamwa pakuthwa ngati amake.

M'komboni munali mawu amodzi amene akazi sitinkawatchula tikudya: chibheura. Ndi Chishona, kutanthauza kutsegula chinthu mokankha, monga uchitira ndi chitseko chokana. Azungu ankati akusaka chindoko. Mwezi ukatha, apolisi a komboni ankasonkhanitsa akazi onse osakwatiwa n'kuwaimika pa mzere kutsogolo kwa shedi ya malata. M'katimo munali tebulo. Mkazi ankagona chagada, n'kumutsegula miyendo, dokotala wachizungu ndi mthandizi wake wamwamuna akusuzumira, chitseko chosatsekeka bwino, anyamata opuma ntchito atakhala pa mulu wa miyala kumaonerera amene walowa ndi mmene watulukira.

Amuna amene ankagula akazi Loweruka sankaima pa mzerewo. Madona a kunyumba za njerwa sankaimapo. Chindoko cha kumeneko chinali chanzeru, chinkangosankha mkazi wakuda wopanda mwamuna.

Ndipo ukwati, kwa mzungu woyang'anira komboni, unali ng'ombe. Ife a ku Nyasa timakwatirana ndi ankhoswe: nkhuku iphedwa, mawu amangidwa, banja layamba. Iye zimenezo sankazimva. Ankangoti, "Ikona lobola, ikona mfazi," kutanthauza kuti popanda ng'ombe palibe mkazi wa munthu. Akazi ambiri a kwathu, ena a imvi kumutu, anagonapo pa tebulo lija chifukwa cha mawu amenewo.

Ine sindinagonepo. Mlongo wanga Wilfred anali mmodzi wa apolisi a komboni, yemweyonso nkhoswe yanga, mwini mbumba wathu. Ndi amene ankayenda m'mizere ya nyumba kuloza kuti uyu atuluke, uyu atsale. Pakhomo panga ankangodutsa. Ndinkamuthokoza, ndinkamusitira yunifolomu, ndinkamupatulira ndiwo yabwino. Muona kuti sindikulemba kuti "a Wilfred" ngakhale ndi wamkulu kwa ine. Sikuti ndaiwala mwambo.

2

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, Wilfred anabwera n'kukhala pa mpando wa a Nikodemo osaupempha. Anatuma Leticia kukatunga madzi ku mpopi ngakhale ndowa zinali zodzaza. Kenaka anayamba kuzungulira: kuti mwana wakula, kuti maso a anthu ndi ambiri, kuti mzungu wamuona yekha mtsikanayo akudutsa ndi mtolo wa nkhuni ndipo wafunsa kuti ndi wa ndani.

"Achimwene, nenani zimene mwabwerera," ndinatero. "Nyemba zanga zipserera."

"Mwezi uno ukatha, Leticia akaima pa mzere."

Ndinamuyang'ana kuti mwina aseka. Sanaseke. Ndinamukumbutsa kuti mwanayo amagona m'nyumba mwa bambo ake, kuti amachoka pakhomo kupita ku mpopi, ku tchalitchi ndi kwa mayi wina amene ankamuphunzitsa kusoka, basi. Iye anati zonsezo wamuuza kale mzungu, wachonderera mpaka kugwada, koma lamulo lachokera kumwamba ndipo akapitiriza kutsutsa amuvula yunifolomu. Ankayankhula akupukuta chipewa chake, nkhope yachisoni ngati ya munthu wobwera kudzalengeza maliro.

Kenaka anati njira ilipo imodzi. Mkazi wolowoledwa ndi ng'ombe saima pa mzere. Ndipo mwamwayi panali munthu wachifundo amene anali wokonzeka kutithandiza: a Nehemiya, mkulu wa apolisi onse a komboni, Mkaranga wa m'dziko lomwelo, wa ng'ombe zambiri kumudzi kwawo.

"A Nehemiya? Aja amatafunira mbali imodzi aja? Ali ndi mkazi kale, ndipo mwana wawo Sande ndi wamkulu kuposa Leticia."

"Mlongo, mukufuna mano kapena mukufuna ulemu wa mwana?"

Ndinatembenukira kwa a Nikodemo. Anali atakhala pa chidebe, akutsokomola chifuwa chawo cha fumbi, maso ali pansi. Ndinawafunsa ngati nkhaniyi akuimva kapena makutu anatsala kumgodi.

"Mayi a Leticia," anatero motsitsa, "kwathu mwana ndi wa amalume ake. Ine ndinenapo chiyani?"

"Pomupanga mwanayu amalume ake analipo?"

Wilfred anavala chipewa, nati ndiganize msanga chifukwa mwezi sudikira munthu. Potuluka anatengako mbatata yootcha imene ndinasungira ana.

3

Leticia sanapite ku mpopi. Anali kuseri kwa khoma ndi ndowa yake, ndipo makoma a m'komboni sabisa ngakhale kupuma kwa munthu. Analowa, naika ndowa pansi bwinobwino.

"Amayi, tebulo ndi la tsiku limodzi pa mwezi. A Nehemiya ndi a masiku onse. Ndikaima pa mzere."

Ananena ngati akunena za mtengo wa mchere. Koma manja ake anawabisa m'nsalu.

Iye sankadziwa zimene ine ndinkadziwa. Ife amayi a tchalitchi tinkakumana Lachinayi lililonse, a ku Nyasa ndi anzathu ochokera kwa Apwitikizi. Tinkachiritsa anzathu pobereka, kuphikira odwala, kusambitsa mitembo. Ndipo tsiku la chibheura tinkatereka madzi otentha kudikira ana a anzathu pobwera kushedi. Ndinasambitsapo mtsikana wina amene anakhala m'beseni osalira, osayankhula, mpaka madzi kuzizira. Kuyambira pamenepo ankati akamva nsapato za mwamuna amadzikodzera. Ndipo mtsikana akaoneka pa mzere kamodzi, anyamata aja a pa mulu wa miyala ankamutcha dzina limene sindilemba pano. Palibe ankamufunsiranso ukwati. Ankamufunsira zina.

Ndinapita ku ofesi ya komboni. Anandiimika padzuwa m'mawa wonse. Potsiriza kalaliki anatuluka n'kundiuza kuti bwana sayankhula ndi akazi, nkhani za akazi zimadzera kwa apolisi. Ndinati wapolisi wake ndi mlongo wanga. Anati ndiye muli ndi mwayi, mayi, pitani kwanu.

Ndinapita kwa mlaliki wathu. Anamvetsera mwachifundo, napemphera nane pemphero lalitali, nandiuza kuti ukwati ndi chinthu cholemekezeka ndipo olamulira anaikidwa ndi Mulungu. Ndinamufunsa ngati mkazi wake anagonapo pa tebulo lija. Anati ndiyang'anire lilime langa.

Sabata yotsiriza ya mweziwo ndinali nditayamba kufooka. Ndinkachapa n'kumadziuza kuti mwina a Nehemiya sakhalitsa, mwina mkazi wamkuluyo ndi wabwino mtima, mwina kumudzi kulibe fumbi. Mayi amatha kudzinamiza bwino akasowa pothawira. Mnansi wanga Margarida, Msena wa mawu aakulu, ankandiyang'ana pa mpanda n'kumati ndikuonda ngati nkhuku ya chitopa. Ndinamuuza kuti asamale za mphika wake.

4

Lachiwiri masana ndikuyanika zovala, ndinamva ana a komboni akukuwa. Nditasuzumira ndinaona mayi wina wamfupi, wojintcha, atavala duku yakuda, akukoka ng'ombe pakati pa mizere ya nyumba. Inali ya thadzi, yofiirira, yosaberekapo, yonenepa bwino. M'komboni simunkalowa ng'ombe yamoyo, tinkangoona mafupa ake pa tsiku la phoso. Anthu anatuluka m'nyumba.

Mayiyo anaima pakhomo panga penipeni, nagwada, nawomba m'manja n'kuodira mwa Chikaranga.

"Tisvikewo. Ndinu amake a Leticia?"

Ndinavomera. Anati iye ndi Mai Sande, mkazi wa a Nehemiya, wachokera kumudzi wapansi. Chinyanja chake chinali chothyokathyoka, Chishona changa chimodzimodzi, koma Margarida anali atalumpha kale mpanda kudzathandiza, ngakhale palibe anamuitana.

Mai Sande anati wabweretsa ng'ombe yanga. Ndinati ine ndilibe ng'ombe, ndili ndi nkhuku ziwiri ndi mwamuna wotsokomola. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anafotokoza kuti kwawo, pa ng'ombe zonse zolowolera mkazi, imodzi imakhala ya mayi wobereka mtsikanayo. Amaitcha mombe yeumai. Imeneyo sadyera bambo, sadyera mlongo, sadyera wina aliyense. Imaperekedwa m'manja mwa mayi mwini, ndipo ikapanda kufika, mzimu wa mayiyo udzavutitsa banja lonse, ana osabadwa, obadwa kumafa. Anati amuna ake ndi opusa, anapereka zonse kwa amalume a mtsikana chifukwa amalumewo anati ku Nyasa zonse ndi za amalume. Koma iye sangalole tsoka lilowe pakhomo pake chifukwa cha umbuli wa amuna awiri. Anapita yekha kukhola kumene Wilfred anasungitsa ng'ombezo, napatula yanga.

"Ng'ombe zake ziti?" ndinafunsa.

"Zolowolera mwana wanu."

"Anapereka liti?"

"Mvula isanathe."

Tinali m'mwezi wa chisanu. Mvula inali itatha kalekale. Wilfred anadzakhala pa mpando wa amuna anga ndi nkhope ya maliro, akuti wagwada pamaso pa mzungu, pamene mwana wanga anali atamugulitsa miyezi yapitayo. Kwathu malume ndi mwini mbumba kuti aiteteze, ndipo salandira kanthu. Kwa Akaranga bambo amalandira ng'ombe, koma malume alibe mawu. Mlongo wanga anatola ulamuliro kwathu, natola ng'ombe kwa eni dziko, nasiya udindo wa konsekonse. Chimene sanadziwe n'chakuti pa mwambo umene anaba panali ng'ombe imodzi yoyenda yokha kupita kwa mayi.

Mai Sande ataona nkhope yanga anadzuka pamene anagwada. Anafunsa Margarida ngati zoona sindinkadziwa. Atamva, anakhala pansi pafumbi, nayamba kutukwana mwa Chikaranga mawu amene Margarida anakana kumasulira. Kenaka anatiuza kuti ng'ombe zimenezo zinalowa pakhomo pake polowola mwana wake wamkazi, ndipo zinali zoti Sande adzakwatirire. Nkhalambayo inalanda mwana wake kuti igule mwana wanga.

Anandipatsa chingwe. Ndinabisa manja kumbuyo.

"Ndikaigwira ndiye kuti ndavomera?"

"Ndiye kuti mwavomera."

"Imangeni pamtengo apo. Musapite. Mudya nafe."

5

Lachinayi amayi anadzaza tchalitchi chathu cha udzu. Mai Sande anabwera ndi akazi a Chikaranga amene sankapemphera nafe. Margarida anachita chinthu chimene sichinachitikepo: anaitana akazi a kumapeto kwa komboni, ophika mowa, opanda amuna, amene ife a duku zoyera tinkawapatukira panjira.

Ndinafotokoza zonse. Amayi anadandaula, ena analira, wina anayambitsa nyimbo. Isanafike pakati, mayi wina wa kumapeto kuja, Eveline, anaimirira ndi ndudu yake kukhutu.

"Imbani bwino, amayi oyera," anatero. "Ife takhala tikutsegulidwa mwezi ndi mwezi chifikireni kuno. Munkatereka madzi a ana a anzanu. Ife tinkasamba tokha. Lero chifukwa ndi mwana wa a Dorika ndiye chibheura chaipa?"

Nyimbo inafera pakamwa. Mkazi wa mlaliki anayamba kunena kuti pali kusiyana pakati pa namwali ndi munthu wosankha yekha njira yake. Ndinamudula. Ndinati Eveline wanena zoona, ndipo tebulo lija silifunsa kuti wagonapo ndani. Ndinati sindinabwere kudzapempha kuti wina andiimbire nyimbo. Loweruka mwana wanga akaima pa mzere, ine ndikaima patsogolo pake, ndipo amene akufuna abwere.

Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka. Ena ankaopa kuti amuna awo achotsedwa ntchito, ndipo mantha awo sanali opusa. Ena anatuluka mwakachetechete osabwereranso. Otsala tinamanga chimodzi: Loweruka palibe mkazi asonkhe moto, palibe apite ku mpopi. Tonse, okwatiwa ndi ng'ombe, okwatiwa ndi nkhuku, osakwatiwa, a makanda kumbuyo, tikakhala pakhomo pa shedi. Eveline anati abwera, koma tikathawa atitchula mayina mmodzimmodzi pa mowa mpaka imfa yake.

Mai Sande anafunsa kuti nanga ng'ombe. Ndinati ibwere nayonso, nkhaniyi ndi yake.

A Nikodemo ndinawauza madzulo akudya. Anasiya kutafuna. Anati atichotsa. Ndinati mwina. Anati tidzadya chiyani. Ndinati zimene takhala tikudyazi si zoti munthu angazilirire. Anatsuka m'manja n'kupita kukagona.

6

Loweruka m'mawa kunali chisanu cholasa m'mafupa. Apolisi atafika kudzatenga akazi, anapeza nyumba zopanda anthu. Tinali kale kushedi, takhala pansi mothithikana kuyambira pachitseko mpaka pa mulu wa miyala uja. Anyamata oonerera anasowa pokhala. Ng'ombe tinaimanga pa nsanamira ya khonde, ndipo inachita ndowe pamalo pamene dokotala ankaimika galimoto lake.

Leticia anakhala pakati pa ine ndi Eveline. Dokotala anafika, nationa, nakhalabe m'galimoto. Anatumiza uthenga kwa mzungu wa komboni, amene anabwera wofiira nkhope, a Nehemiya ndi Wilfred ali pambuyo pake ndi zikoti.

"Ini lo ndaba?" anakuwa, kufunsa kuti nkhani ndi yotani.

Ndinaimirira. Chilapalapa, chinenero cha kumgodi, chonse ndi mawu olamula ndi otukwana, choncho sichinandivute. Ndinamuuza kuti iye amati mkazi ndi ng'ombe, nayi ng'ombe, ayambe kutsegula imeneyo. Akamaliza atsegule ife tonse, kenaka aitane amuna a komboni yonse, kenaka dona wake. Amayi anaseka, kuseka koipa kopanda chimwemwe. Ndinakoka Leticia kuti aimirire. Ndinati uyu ndi mwana wa Nikodemo amene akuswa miyala yanu pansipa, mwamuona liti akuyenda ndi amuna kuti mulamule kuti aime pa mzere?

Mzunguyo anamuyang'ana Leticia ngati akuyang'ana thumba la chimanga. Anati mtsikanayu sakumudziwa, sanamuonepo, ndipo alibe nthawi yosankha akazi akuda chifukwa kwa iye tonse ndi ofanana. Amene apolisi abweretsa ndi amene amalowa. Anatembenukira kwa a Nehemiya kufunsa kuti uyu wamulowetsa ndani. A Nehemiya analoza Wilfred ndi chibwano.

Ndiye panalibe lamulo lochokera kumwamba. Panalibe mtolo wa nkhuni, panalibe kugwada. Ine ndinkaganiza kuti mlongo wanga anapezerapo mwayi pa tsoka la mwana wanga. Ayi. Tsokalo analipanga yekha. Anatenga chinthu chimene azungu anapangira kutinyazitsa, n'kuchiloza pa mwana wa mlongo wake ngati mfuti, kuti athamangire m'nyumba mwa nkhalamba.

Mzungu sanasamale za zimenezo. Ankafuna khomo la shedi litseguke. Analamula kuti atimwaze. "Shaya!" anakuwa, kutanthauza kuti menyani.

A Nehemiya anayang'ana mkazi wawo ali pakati pathu, nayamba kukonza lamba wa nsapato. Wilfred anabwera. Anaima patsogolo panga, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali chisanu.

"Mlongo, chokani. Musandichititse manyazi."

"Menyani, achimwene. Mwayamba kale."

Anamenya. Chikoti chinandidula pa phewa mpaka pa bere limene linayamwitsa mwana amene anamugulitsayo.

Sindinakonzekere zimene ndinachita. Ndinamasula duku, ndinagwira mutu ndi manja onse, n'kuyamba kulira maliro. Osati kulira kwa ululu wa chikoti. Kulira kwenikweni kwa kwathu, kotchula dzina. Ndinalira kuti mlongo wanga Wilfred wamwalira, mwana wa amayi anga wandisiya ndekha kudziko la eni, mbumba yake yatsala pamtetete, ndani adzatiimire. Ndinkalira ndikumuyang'ana m'maso. Amayi a ku Nyasa anamva, namasula maduku awo, nalandira. Asena analandira. Akaranga sankadziwa mawu ake koma maliro sasowa womasulira. Eveline ndi anzake analira koposa tonse, ndipo ndikudziwa kuti sankalira Wilfred.

Kulirako kunafika kumgodi. Kumeneko mkazi akalira chotero ndiye kuti mwala wagwera anthu. Amuna amene ankadikira kutsika anasiya mzere wawo n'kuthamanga, otuluka pansi nawonso, mbuu ndi fumbi, aliyense akufunsa kuti wafa ndani. Amayi ankangoloza Wilfred, ali chiimire ndi chikoti chake, wamoyo, pakamwa pali yasa.

A Nikodemo anadutsa pakati pa anthu akutsokomola. Anaona magazi pa bulauzi yanga. Sanakuwe, sanamenye munthu. Anapita pamene panali Leticia, nakhala pansi pafumbi pambali pake, pakati pa akazi.

"Uyu ndi mwana wanga," anatero. "Amene akumufuna ayambe wandifunsa ine."

Amuna ena anakhalanso pansi. Belo la mgodi linalira, palibe anadzuka. Pamenepo ndi pamene mzungu anayamba kumva. Misozi yathu sinamukhudze, chinamukhudza ndi belo lolira popanda wotsika. Anayankhula ndi dokotala, galimoto linabwerera. Kenaka analengeza kuti lero kulibe chibheura, ndipo kuyambira tsopano mtsikana wokhala m'nyumba mwa bambo ake, ndi mkazi aliyense amene mwamuna wake amuvomereza, ng'ombe kapena ayi, sadzaimanso pa mzere.

"Nanga ife?" anafunsa Eveline.

Mzungu anali atatembenuka kale.

7

Leticia sanagone pa tebulo lija ndipo sanalowe m'nyumba mwa a Nehemiya. Mai Sande anakusa ng'ombe zake zonse kubwerera nazo kumudzi, yofiirira ija ili patsogolo. Sabata isanathe a Nikodemo anaitanidwa ku ofesi n'kuuzidwa kuti chifuwa chawo chakula, mgodi sukuwafunanso. Chifuwacho chinali chomwecho zaka zonse. Tinakwera sitima kubwera ku Gwelo ndi mitolo pamutu. Leticia pano amasoka, anakwatiwa ndi mnyamata wa kunjanji amene anamusankha yekha, ndipo amakangana ngati anthu ena onse.

Musaombe m'manja. Mwezi wotsatira shedi inatsegulidwanso, ndipo Eveline ndi anzake anaima pa mzere monga kale. Ndinamva kuti Margarida ndi amayi ena ankapita kukakhala nawo, kutchinga khomo ndi nsalu kuti anyamata asaonerere, n'kuwaterekera madzi pobwera. Ndi zochepa. Tinapulumutsa ana athu ndi ife eni, amene analira kwambiri tsiku lija tinawasiya pomwepo. Zimenezo zimandiwotcha mpaka lero kuposa chipsera cha paphewa.

Inu owerenga, makamaka abambo amene mumakonda kutchula mwambo: ndakhala pakati pa mitundu yambiri kuno, ndipo ndaona kuti mwamuna akafuna chinthu amadziwa miyambo ya mitundu yonse, akafunsidwa udindo amaiwala ndi wa kwawo womwe. Mzungu anamanga shedi, inde, ndipo mlandu umenewo sudzamuchoka. Koma mzungu sankadziwa khomo langa. Anamulozera ndi munthu amene ndinkamusitira malaya. Ndipo inu amayi a duku zoyera, musadikire kuti mzere ufike pa mwana wanu ndiye mudziwe kuti ndi woipa. Yang'anani amene waimapo lero.

Chaka chatha kunabwera munthu kuchokera ku Shabani. Anati Wilfred anamuvula yunifolomu kalekale, anatsika pansi kukaswa miyala, ndipo fumbi lamumaliza. Ali gone ku Mandava m'nyumba ya eni, akuitana mlongo wake. Akulu a mpingo anabwera kudzandiuza kuti ndikhululuke, ndipite, magazi ndi magazi. Ndinafunsa Leticia, popeza wolakwiridwa ndi iyeyo. Anati iye alibe amalume, koma munthu wodwala asagone ndi njala. Tinatumiza bulangete ndi ufa.

Atamwalira anabweranso kudzandiuza kuti mbumba ikufunika kukalira pamaliro. Ndinawauza kuti amuike bwino, nsalu ndigula. Koma kulira ayi. Mlongo wanga ndinamulira kale, iye akumva.